Mtovu-210: chitsulo chomwe chimatha theka pa zaka 22 zilizonse

Mu 2010, njerwa 120 za mtovu zinatulutsidwa m'nyumba yosungiramo zinthu zakale mumzinda wa Cagliari, pachilumba cha Sardinia, n'kuzitengera kumalo ochitirako kafukufuku a Gran Sasso, omwe ali m'kati mwa phiri m'dziko la Italy. Njerwa iliyonse inkalemera makilogalamu pafupifupi 33. Zinali zovuula m'chombo cha Aroma chomwe chinamira pafupi ndi kachilumba ka Mal di Ventre zaka zoposa 2,000 zapitazo, ndipo chinapezeka mu 1988. Amene ankazifuna njerwazi sanali ofufuza mbiri yakale ayi, koma akatswiri a fizikisi.

Munthu ukamva zimenezi umadabwa. Mtovu si golide. Uli m'mabatire a galimoto, ndipo asodzi amamizira mbedza ndi maukonde. Nanga n'kulekeranji kungogula watsopano? Komanso kuchipatala, wojambula X-ray amavala chovala cholemera chokhala ndi mtovu kuti chimutchinjirize ku cheza cha makinawo. Ndiye tikamva kuti mtovu watsopano nawonso umatulutsa cheza, mutu umaima.

Zonse ziwiri n'zoona. Mwini wake wa chisokonezochi ndi mtundu umodzi wa mtovu wotchedwa mtovu-210. Umapezeka wochepa kwambiri moti palibe sikelo ingauyeze, koma mapazi ake ali m'matope a pansi pa nyanja, m'masamba a fodya, m'penti ya zithunzi zakale ndi m'mafupa athu omwe. Mawu akuti cheza m'nkhani ino akuimira chimene akatswiri amati rediyeshoni, kutanthauza tizidutswa kapena mphamvu yosaoneka yotuluka m'kati mwa atomu.

## Ana a chiwongo chimodzi

Chinthu chilichonse chinapangidwa ndi maatomu. Pakati pa atomu pali kanjere komwe akatswiri amakatcha nyukiliyasi; ife tizingoti phata. Atomu ya mtovu itati ikule ngati bwalo lalikulu la zamasewero, phata lake lingakhale ngati njere ya chimanga yoikidwa pakati pa bwalolo, komatu pafupifupi kulemera konse kwa atomu kuli m'kanjereko. M'phata muli tizinthu ta mitundu iwiri: mapulotoni, omwe ali ndi mphamvu ya magetsi, ndi manyutironi, omwe alibe. Kunja kwake kumazungulira maelekitironi.

Chiwerengero cha mapulotoni ndicho chiwongo cha atomu. Iliyonse yokhala ndi mapulotoni 82 ndi mtovu, kaya ili ku Kabwe kaya kumwezi. Yokhala ndi 79 ndi golide, yokhala ndi 83 ndi chitsulo china chotchedwa bismuth. Manyutironi ndiwo amatha kusiyana chiwongo osasintha, monga momwe ana a bambo mmodzi amasiyanira matupi. Maatomu otere, ofanana mapulotoni koma osiyana manyutironi, amatchedwa maaisotopu. Nambala yomwe imalembedwa pambali pa dzina ndi mapulotoni kuphatikiza manyutironi, choncho mtovu-210 uli ndi mapulotoni 82 ndi manyutironi 128.

Mtovu wa m'batire ndi chisakanizo cha abale anayi okhazikika. Pa maatomu 100 alionse, pafupifupi 52 ndi mtovu-208, 24 ndi mtovu-206, 22 ndi mtovu-207, ndipo otsalawo ndi mtovu-204. Amenewa angakhale zaka mabiliyoni osasintha.

Tsono n'chifukwa chiyani 208 uli phee pomwe 210, wongoposa ndi manyutironi awiri, sukhazikika? M'phata, mapulotoni ndi manyutironi sakhala mwachisawawa. Amakhala m'mizere ngati mipando ya minibasi, ndipo mzere ukadzaza ndendende phata limagwirana kwambiri. Ziwerengero zodzaza mizere ndi 2, 8, 20, 28, 50, 82 ndi 126. Maria Goeppert Mayer ndi Hans Jensen analandira mphoto ya Nobel mu 1963 chifukwa chofotokoza zimenezi. Mtovu-208 uli ndi mapulotoni 82 ndi manyutironi 126: mbali zonse ziwiri zadzaza, chitseko chatsekeka. Pa maatomu okhazikika omwe akudziwika, palibe yolemera kuposa imeneyi. Kale ulemu umenewu unkapita kwa bismuth-209, mpaka mu 2003 pamene ofufuza a ku France anapeza kuti nayonso imasintha, kungoti mochedwa kwadzaoneni.

Mtovu-210 ndi minibasi yomweyo, koma kondakitala wapanikizamo anthu awiri opanda mpando. Fanizoli likuthera pomwepa, chifukwa owonjezerawo sadumpha pawindo. Chimene chimachitika n'chachilendo kuposa pamenepo.

## Nyutironi ikasanduka pulotoni

Pachingerezi amati decay, mawu omwe tingawamve ngati kuwola. Koma palibe chowola apa. Atomu imasanduka n'kukhala chinthu china. Mu mtovu-210, nyutironi imodzi imasanduka pulotoni, ndipo nthawi yomweyo m'phata mumatuluka elekitironi yothamanga pamodzi ndi kanthu kena kotchedwa antinyutirino, komwe kangaboole dziko lonse lapansi osagunda chilichonse. Tsopano mapulotoni ndi 83, manyutironi ndi 127. Kuphatikiza ndi 210 yemweyo, koma chiwongo chasintha: atomuyo ndi bismuth-210.

Elekitironi yotuluka m'phata mwanjira imeneyi imatchedwa beta. Pali mitundu ina iwiri ya cheza yomwe tikumane nayo. Alpha ndi kamtolo ka mapulotoni awiri ndi manyutironi awiri. N'kolemera, kamaima pa pepala kapena pakhungu, koma kakatulukira m'kati mwa thupi kamawononga kwambiri chifukwa mphamvu yake yonse imathera pamalo amodzi. Gamma ndi kuwala kosaoneka, m'bale wake wa X-ray, ndipo imalowa patali.

Mphamvu za cheza amaziyeza mu keV. Musavutike ndi kukula kwa muyezowu, ingoyerekezani manambala. Mtovu-210 ukasanduka umatulutsa 63.5 keV basi, yomwe ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi anzake. Ndipo nthawi zambiri, pafupifupi 84 pa 100 zilizonse, siitulutsa yonse pakamodzi. Elekitironi imachoka ndi mphamvu yosapitirira 17 keV, phata latsopanolo n'kutsala ndi 46.5 keV yoti litaye. Kawirikawiri limaitaya pokankha imodzi mwa maelekitironi ozungulira atomuyo, koma pafupifupi 4 pa 100 zilizonse limaitulutsa ngati gamma. Gamma ya 46.5 keV imeneyi ndiyo chidindo cha mtovu-210. Makina a mu labotale akaiona, amadziwa kuti mwini wake alipo ndiponso kuti ndi wochuluka bwanji.

Pali njira inanso yomwe atomu yotere imadutsa mwa kamodzikamodzi, pafupifupi ziwiri pa 100 miliyoni zilizonse: imatulutsa alpha n'kusanduka mercury-206. Pa ntchito za tsiku ndi tsiku palibe amaiwerengera.

## Zaka 22.2

Funsani katswiri aliyense kuti atomu iyi isanduka liti, sangakuuzeni, ndipo si chifukwa cha kuperewera kwa makina. Zili ngati mbuliwuli pamoto: mukudziwa kuti chimanga chithetheka, koma njere yoyamba simungailoze. Kusiyana kwake n'kwakuti atomu sikalamba. Yomwe yakhala zaka 60 ili ndi mwayi wofanana ndi yomwe yangobadwa m'mawa uno.

Chimene chimadziwika bwino ndi cha gulu. Maatomu a mtovu-210 akakhala ambiri, theka lake limakhala litasanduka pakatha zaka 22.2. Akatswiri amati half-life. Ife tiziti nthawi ya theka. Mabuku akale pang'ono amalemba 22.3, musadabwe mukakumana nazo. Pa maatomu 1,000, pakatha zaka 22.2 patsala 500. Zaka zina 22.2 sizimaliza 500 otsalawo ayi, zimangotengapo theka lawo, patsala 250. Kenako 125. Mtovu woyengedwa mu 1964, chaka chomwe Malawi ndi Zambia analandira ufulu, pofika 2008 unali utatsala ndi gawo limodzi mwa magawo anayi a mtovu-210 womwe unali nawo poyamba, ndipo cha mu 2030 udzatsala ndi limodzi mwa magawo asanu ndi atatu. Pakatha zaka 222, imatsala atomu imodzi pa 1,024 alionse. Kuutentha, kuuziziritsa, kuusungunula mu asidi, zonsezi siziufulumizitsa kapena kuuchedwetsa.

Kuchuluka kwa maatomu omwe akusanduka amakuyeza mu bekerelo, dzina lochokera kwa Henri Becquerel yemwe anatulukira cheza cha yureniyamu mu 1896. Bekerelo imodzi ndi atomu imodzi yosanduka pa sekondi. Galamu imodzi ya mtovu-210 weniweni ingapereke mabekerelo pafupifupi 2.8 thililiyoni, koma galamu yotero simungaitole paliponse m'chilengedwe. Timakumana ndi fumbi lake lokha.

Kwa ine, nambala 22 imeneyi ndiyo nkhani yonse. Maaisotopu ambiri amatha m'kuphethira kwa diso, ena amatenga zaka mabiliyoni. Uwu nthawi yake ndi ya munthu: mwana kubadwa mpaka kukula n'kuyamba banja lake.

## Kholo lofatsa, ana aukali

Bismuth-210 sichedwa. Nthawi yake ya theka ndi masiku 5, ndipo beta yake imafika 1,160 keV, kuposa ya kholo lake maulendo oposa 18. Imasanduka polonium-210, chinthu chomwe Marie ndi Pierre Curie anatulukira mu 1898. Polonium-210 ili ndi nthawi ya theka ya masiku 138, ndipo imatulutsa alpha ya pafupifupi 5,300 keV n'kusanduka mtovu-206. Apa ulendo watha. Atomu inachoka pa mtovu, yabwerera pa mtovu, koma tsopano wokhazikika.

Polonium-210 payokha imatha msanga. Pakatha zaka zinayi imakhala yapita pafupifupi yonse. Koma ikakhala pamodzi ndi mtovu-210, kholo limangobereka ina m'malo mwa yothayo kwa zaka makumimakumi. N'chifukwa chake mtovu-210, ngakhale uli wofatsa, saupeputsa. Ambiri anamva dzina la polonium-210 mu November 2006, Alexander Litvinenko, yemwe kale anali kazitape wa ku Russia, atamwalira ku London chifukwa chodyetsedwa chinthuchi. Yochuluka chotero sichokera ku mtovu wa m'chilengedwe. Amachita kuipanga m'makina a nyukiliya kuchokera ku bismuth.

Mwana woyamba uja, bismuth-210, anavutitsanso mitu ya akatswiri. Mu 1927 ku Cambridge, Charles Ellis ndi William Wooster anayeza kutentha komwe imatulutsa, napeza kuti maelekitironi ake akunyamula mphamvu yochepa kuposa yoyembekezeka. Ina ikupita kuti? Mu December 1930, Wolfgang Pauli anati payenera kuti pali kanthu kosaoneka komwe kakuthawa nayo. Kanthuko ndi antinyutirino ija tatchula kale, ndipo kanadzagwidwa mu 1956.

## Nanga bwanji sunathe kalekale?

Dziko lapansi lili ndi zaka pafupifupi 4.5 biliyoni. Chinthu chomwe chimatha theka pa zaka 22 chikanayenera kuzimiririka kale. Chilipobe chifukwa chikubadwa tsiku lililonse.

Gogo wake ndi yureniyamu-238, yomwe nthawi yake ya theka ndi zaka 4.47 biliyoni. Tikamva yureniyamu timaganiza za Kayelekera ku Karonga, mgodi womwe unayamba kutulutsa yureniyamu mu 2009, koma kumeneko yangounjikana. Thanthwe wamba ndi dothi la m'munda zilinso nayo, magalamu awiri kapena atatu pa tani. Kuchoka pa yureniyamu-238 kufika pa mtovu-206 pali masitepe 14: asanu ndi atatu a alpha, asanu ndi limodzi a beta. Mukhoza kutsimikiza nokha. Alpha iliyonse imachotsa 4, beta sichotsa kanthu. 8 kuchulukitsa ndi 4 ndi 32, ndipo 238 kuchotsa 32 ndi 206.

M'katikati mwa mzerewu muli radium-226, ya zaka 1,600. Mwana wake ndi radon-222, ndipo uyu ndi wosiyana ndi abale ake onse chifukwa ndi mpweya. Pa masiku 3.8 a nthawi yake ya theka, radon ina imapeza mpata m'ming'alu ya dothi n'kutulukira kunja. Ikasanduka ili m'mwamba, ana ake amathamanga: polonium-218 ndi ya mphindi 3, mtovu-214 wa mphindi 27, bismuth-214 ya mphindi 20, polonium-214 sikwanitsa n'komwe gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi. M'maola ochepa onse adutsa, n'kukaima pa mtovu-210, ngati galimoto zomwe zinali pa liwiro pamsewu wa tala zikafika pamlatho wopapatiza. Maatomu atsopanowo amakakamira ku fumbi la mumlengalenga, ndipo pakatha masiku kapena masabata ochepa amagwa pansi, ambiri ndi mvula. Mvula iliyonse imabwera ndi kamtovu kobadwira m'mwamba.

M'thanthwe lomwe silinasokonezedwe, mtovu-210 umakhala ngati madzi mu ndowa yobooka yoikidwa pansi pa mpopi. Olowa akafanana ndi otuluka, madzi amaima pamlingo umodzi. Radium ndiye mpopi, kusanduka ndilo bowo. Pafupifupi ntchito zonse za aisotopu iyi zimayamba pamene chinachake chachotsa ndowa pampopi.

## Ntchito yomwe inakanika ku Manchester

Mayina a manambalawa asanabwere, mtovu-210 unkatchedwa radium D. Cha mu 1911, Ernest Rutherford anauza George de Hevesy, mnyamata wa ku Hungary yemwe ankagwira ntchito mu labotale yake ku Manchester, kuti alekanitse radium D ndi mulu wa mtovu womwe inasakanikirana nawo. Hevesy anayesa njira zonse za kemisitiri kwa zaka pafupifupi ziwiri osaphula kanthu. Sakanatha. Kemisitiri imaona chiwongo chokha, ndipo radium D inali mtovu ndithu. Mu 1913 Frederick Soddy anabweretsa mawu akuti aisotopu pofotokoza zinthu zotere.

Hevesy anatembenuza vutolo. Ngati awiriwa sasiyana, ndiye kuti wotulutsa cheza angaulule komwe mnzake wapita, monga belu lomangidwa pa ng'ombe imodzi limakuuzani komwe kuli gulu lonse. Mu 1913 ku Vienna, iye ndi Fritz Paneth anagwiritsa ntchito radium D poyeza momwe mchere wina wa mtovu umasungunukira m'madzi, pamlingo wochepa womwe sikelo sikanaona. Njira imeneyi inapatsa Hevesy mphoto ya Nobel ya 1943, ndipo ndiyo maziko a zoyeza za m'zipatala zomwe amabaya wodwala mankhwala otulutsa cheza pang'ono kuti aone momwe chiwalo chikugwirira ntchito.

## Wotchi ya m'matope

Mtovu-210 wogwa ndi mvula ukafika panyanja umakakamira ku tinthu toyandama n'kumira nato. Chaka chilichonse pansi pa nyanja pamayalika muyalo watsopano wa matope. Muyalo ukakwiririka, sulandiranso mtovu wa m'mwamba. Ndowa yachoka pampopi, wotchi yayamba.

Ofufuza amakhoma paipi m'matopemo, n'kutulutsa mzati wa matope, n'kuudula tizigawo. M'kagawo kalikonse amayeza mtovu-210 wonse, kenako amachotsapo womwe ukubadwira pomwepo kuchokera ku radium ya m'dothilo. Wotsalayo ndi wochokera kumwamba. Ngati matope akhala akugwa mofanana, pamene wotsalayu wafika theka la wa pamwamba ndi pa zaka 22 zapitazo, pamene wafika gawo limodzi mwa anayi ndi pa zaka 44. Njirayi imadalirika mpaka zaka 100 kapena 150. Kupitirira apo chotsala n'chochepa moti sichiyezeka bwino. Edward Goldberg anaifotokoza mu 1963 poyeza madzi oundana a ku Greenland, ndipo m'zaka za m'ma 1970 inafalikira ku nyanja.

Wina angafunse za kaboni-14, yomwe imatchuka poyeza zaka za mafupa akale. Nthawi yake ya theka ndi zaka 5,730. Kuyeza nayo zaka 40 kuli ngati kuyeza mchere wa m'ndiwo pa sikelo ya matumba a chimanga. Zaka 150 zomwe mtovu-210 umaona ndi zomwenso anthu asintha kwambiri nthaka ndi madzi: mafakitale, feteleza, kudula mitengo, kukula kwa mizinda.

Matope a nyanja ya Malawi nawonso anayezedwapo motere pofufuza momwe kukokoloka kwa nthaka kwasinthira nyanjayi. Nyanja yathuyi ili ndi mwayi wake. Kupitirira mamita pafupifupi 250 kunsi kulibe mpweya wa okosijeni, choncho kulibe tizilombo tofukula matope, ndipo miyalo imakhala monga inagwera. Malo osaya n'ngovuta. Nsomba ndi nyongolotsi zimatakasa pansi, madzi osefukira amatha kutaya matope a zaka khumi usiku umodzi. N'chifukwa chake wofufuza wosamala sakhulupirira wotchi imodzi. Amayang'ananso caesium-137, yomwe inagwa yambiri padziko lonse kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 chifukwa cha kuyesa mabomba a nyukiliya m'mlengalenga. Muyalo wokhala ndi caesium yambiri ukagwera pa zaka zomwe mtovu ukunena, ndiye kuti mboni ziwiri zagwirizana.

## M'thupi mwa munthu

Apa ndi pomwe anthu amasakaniza zinthu ziwiri. Mtovu ndi poizoni, koma upoizoni wake wodziwikawo si wa cheza. Ana a ku Kabwe ku Zambia, komwe mgodi wa mtovu unatsekedwa mu 1994 n'kusiya fumbi m'dothi, akuvutika ndi mtovu wokhazikika womwe umawononga ubongo ndi magazi mwa njira ya kemisitiri. N'chimodzimodzi ndi petulo wa mtovu, yemwe dziko lomaliza, Algeria, linasiya kugulitsa mu 2021. Wophwanya mabatire akale aope fumbi ndi utsi wake. Cheza cha mtovu-210 wa m'batiremo si nkhani kwa iye, ndipo chovala cha kuchipatala chija chimatchinga chochuluka kwambiri kuposa chomwe chimatulutsa.

Mtovu-210 umalowa m'thupi kudzera m'chakudya, m'madzi ndi mumpweya. Thupi silisiyanitsa, limausunga m'mafupa monga limachitira ndi mtovu wina uliwonse, ndipo uli momwemo umabereka polonium. Aliyense ali nawo pang'ono. Bungwe la United Nations loona za cheza, UNSCEAR, linati mu lipoti lake la 2008 munthu amalandira pafupifupi mamilisiveti 2.4 pa chaka kuchokera ku chilengedwe; milisiveti ndi muyezo wa cheza chomwe thupi lalandira. Pafupifupi theka la nambalayi limachokera ku radon ndi ana ake othamanga aja omwe timapuma, pomwe mtovu-210 ndi polonium-210 za m'chakudya ndi kagawo kochepa. Bungwe la WHO limati radon imayambitsa pakati pa 3 ndi 14 pa odwala 100 alionse a khansa ya m'mapapo, malingana ndi dziko, ndipo imaunjikana m'zipinda zosapita mphepo ndi m'migodi ya pansi.

Fodya ali ndi nkhani yakeyake. Tsamba lake lili ndi tiubweya tomata tomwe timagwira fumbi lokhala ndi mtovu-210, ndipo mizu imatengako wina m'nthaka, makamaka pomwe pathiridwa feteleza wochokera ku miyala ya phosphate, yomwe mwachilengedwe imakhala ndi radium. Kuumitsa tsamba sikuuchotsa. Ndudu ikayaka, polonium imauluka ndi utsi n'kulowa m'mapapo. Edward Radford ndi Vilma Hunt a ku Harvard anasonyeza zimenezi mu 1964. Izi zimachitika ndi fodya wolimidwa kulikonse padziko. Utsi wa fodya uli ndi zinthu pafupifupi 70 zoyambitsa khansa, ndipo polonium ndi chimodzi mwa izo.

Pamigodi ya yureniyamu, chomwe amatenga ndi gogo yekha. Radium, mtovu-210 ndi polonium zimatsala m'zinyalala za miyala yogayidwa, ndipo popeza mpopi wa radium ulipo, kumeneko mtovu-210 sutha pa zaka 22. N'chifukwa chake kasungidwe ka zotsalirazi ndi madzi ozungulira zimayang'aniridwa. Ku Malawi ntchito yoyang'anira zinthu zotulutsa cheza ili m'manja mwa Atomic Energy Regulatory Authority, motsatira lamulo la 2011.

## Ng'anjo, penti ndi chombo cha Aroma

Tibwerere ku njerwa zija. Miyala ya mtovu imakhala ndi yureniyamu ndi radium pang'ono, choncho ilinso ndi mtovu-210. Ikalowa mu ng'anjo, radium yambiri imapita ndi zotsalira, koma mtovu-210 umapita ndi abale ake, pa chifukwa chomwe chija chinagonjetsa Hevesy. Chitsulo chotuluka mu ng'anjo chimakhala ndi mtovu-210 wopanda kholo. Tsiku loyenga ndilo tsiku lomwe wotchi imayamba.

Izi zinagwiritsa wachinyengo wina atamwalira kale. Han van Meegeren wa ku Netherlands anajambula zithunzi m'zaka za m'ma 1930 ndi 1940 n'kumazigulitsa ngati za Johannes Vermeer, katswiri wotchuka wojambula zithunzi yemwe anamwalira mu 1675. Anaulula mu 1945 atamangidwa pa mlandu wogulitsa chuma cha dziko kwa Hermann Göring, mmodzi wa akuluakulu a boma la Hitler ku Germany, koma ena anakanabe kukhulupirira kuti zithunzi zina zokongolazo n'zabodza. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, Bernard Keisch ndi anzake a ku yunivesite ya Carnegie Mellon ku Pittsburgh anayeza penti yoyera ya pazithunzizo, yomwe imapangidwa ndi mtovu. Penti ya nthawi ya Vermeer ikanakhala itadutsa nthawi za theka 13, mtovu-210 wake utatsika n'kufanana ndi ka radium kotsalamo. Iwo anapeza mtovu-210 wochuluka kwambiri kuposa radium. Mtovuwo unali woyengedwa posachedwa.

Ku Gran Sasso, pansi pa thanthwe lokhuthala mamita pafupifupi 1,400, kuli makina otchedwa CUORE. Ali ndi timiyala 988 ta tellurium dioxide tozizidwa mpaka kutsala pang'onong'ono kufika pa kuzizira komaliza komwe chilengedwe chimalola. Akudikira mtundu wa kusanduka womwe sunaonekepo, woti manyutironi awiri asanduke pakamodzi popanda antinyutirino. Ngati umachitika, ndi mwa apo ndi apo kwambiri moti cheza china chilichonse chingauphimbe. Phiri limatchinga cheza cha kuthambo, mtovu umatchinga cha m'miyala. Koma mtovu watsopano uli ndi phokoso lakelake: beta yamphamvu ya bismuth-210 ikamaima m'chitsulomo imatulutsa X-ray. Zili ngati kufuna kumva kunong'ona, mlonda wapakhomo akutsokomola.

Mtovu wa Aroma uja, womwe unakumbidwa ku Spain, wadutsa nthawi za theka pafupifupi 90. Gawani chinthu pawiri maulendo 90, simutsala ndi kanthu. Palibe fakitale yomwe ingatsuke mtovu-210 ndi mankhwala. Njira yotsika mtengo ndi kudikira, ndipo apa nyanja inadikira kale. Opanga makompyuta nawonso amafuna mtovu wotere pa zowotcherera zina, chifukwa alpha imodzi ya polonium ikhoza kusintha nambala yosungidwa m'kachipangizo.

Nkhaniyi ili ndi mbali ziwiri. Ofufuza zakale ena amati njerwa yosungunulidwa sibwerera, ndipo mibadwo ya m'tsogolo ingadzakhale ndi mafunso omwe ife sitinawaganize. Amaopanso kuti msika wa mtovu wakale ungalimbikitse ofunkha zombo zomira. A fizikisi amati njerwa zinalipo zambirimbiri zofanana, ndipo bungwe lawo la ku Italy linathandiza kulipira ntchito yozivuula. Pa njerwa za ku Sardinia anagwirizana kuti mbali yolembedwa mayina a eni ake idulidwe n'kusungidwa, yotsalayo isungunulidwe.

Ngakhale atapeza mtovu wachete chotero, ntchito sinathe. Mpweya wamba uli ndi radon, ndipo chipangizo chilichonse chosiyidwa poyera chimayamba kugwira ana ake pamwamba. Pakatha maola ochepa anawo asanduka mtovu-210 watsopano, womwe ukhala pamenepo zaka 22 kuti ungotsika theka. Pa chifukwa chimenechi, timiyala ta CUORE anatilumikiza m'mabokosi otsekedwa odzaza ndi nayitirojeni, ndipo poziika m'makinamo ogwira ntchito ankakhala m'chipinda chomwe mpweya wake unali wosefedwa kuchotsamo radon.